Timadontho Titatu Toyera

"Munavulalapo m'mutu, mayi?" anafunsa dokotala.

Anali atakweza chithunzi cha sikani pawindo. Mkazi wanga anati ayi. Sanandiyang'ane.

Tinapita kuchipatalako chifukwa cha mutu. Unkamupweteka pamphumi ndi pansi pa maso, makamaka akawerama pambaula kukazinga mandasi ake ogulitsa ku Ndirande. Mapiritsi apagolosale analephera.

Dokotala anati pachithunzipo pali zinthu ziwiri. Choyamba, timphako takuseri kwa mphuno tatupa, tadzaza mamina. Ndito tikupweteketsa mutu, utsi ukuwonjezera, mankhwala alipo. Chachiwiri analoza ndi bolopeni: timadontho titatu toyera mu ubongo, ngati mchenga. Anati ndi zipsera zakale zomwe zinauma n'kulimba ngati fupa. Ambiri amakalamba nazo osadziwa. Zimatha kutsala munthu akadwala ali mwana, akalowedwa nyongolotsi za nkhumba, kapena akavulala.

"Nkhumba ine, adokotala? Ndinakulira m'banja lachisilamu," anaseka mkazi wanga.

"Zimalowa ngakhale kwa osadya, mayi. Madzi, masamba osatsuka."

Ine ndinamva chimodzi chokha: kuvulala.

Chaka chomwe ntchito yanga yowotcherera inatha, tikukhala ku Bangwe, ndinamukankha mkazi wanga. Nkhani yake inali ya malaya osachapa. Anamenyetsa mutu kumanzere pafelemu lachitseko. Anagona masiku awiri. Kwa anansi anati waterereka kubafa. Sindinabwerezenso. Sitinaikambeponso.

Ndinafuna kufunsa dokotala uja ngati felemu lingasiye timadontho totere. Panja panali mzere wa odwala. Ndinangopinda chipewa m'manja.

Mankhwala anagwira. Patatha milungu itatu mutu unaleka, iye anabwerera kumandasi. Chithunzi anachisunga pansi pa matiresi. Akapita kumsika, ine ndinkachitulutsa n'kuchiloza kudzuwa. Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Pepala lachizungu lomwe linabwera nacho sindinkalimva, koma timadontho ndinkatipeza msanga. Ndinkafuna kudziwa ngati tili kumanzere. Ndikagwira chonchi, tinali kumanzere. Ndikatembenuza chithunzi, tinkasamukira kumanja. Woti ndimufunse panalibe, chifukwa akanafunsa kuti kumanzereko kuli chiyani.

Tsiku lina anabwerako msanga, mandasi atatha. Anandipeza nacho pakhonde. Anatula beseni.

"Bambo a ana, mukufunamo chiyani m'mutu mwangamo?"

Anayang'ana chithunzi chomwe chinali m'manja mwanga.

"Adokotala aja anati n'zakale. Simunamve?"

Anandilanda chithunzicho pang'onopang'ono, n'kupukuta ndi chitenje pomwe zala zanga zinadetsa. Kenako anandiyang'ana, kwanthawi yaitali.

"N'zakale," anatero. "Kapena muli ndi choti munene?"

Anadikira. Kwa anansi wailesi inkalira. Ndinavala chipewa, ndinatsika masitepe, n'kulowera kumsewu.