Moto wa a Mbewe unawotcha ndani?

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kudana ndi abwana anga chifukwa cha mawu asanu a m'buku.

Ndifotokoze kaye, musanathamangire kukandinenera kwa abusa. Kuno ku Nsaru aphunzitsi atatu timakumana Loweruka masana m'kalasi ya Sitandade 8 n'kumachita masewera a nthano. Buku la malamulo ake ndinaligula pa mulu wa mabuku akale pamsika. Anzangawo aliyense ali ndi munthu wake wongopeka, ine ndimafotokoza za dziko lawo ndi kuweruza, ndipo dayisi, kachinthu ka madontho kamene timaponya, ndi imene imanena ngati chimene wayesa chatheka. Matsenga alimo, koma ndi a papepala.

A Mbewe, aphunzitsi aakulu athu, munthu wawo ndi wamatsenga woponya moto. Mayi Chisale a Sitandade 6 ali ndi msilikali wamkazi dzina lake Tiyanjane. Amulera miyezi isanu ndi itatu, mpaka anamujambula pachikuto cha kope lawo.

Tsikulo Tiyanjane anali pakhomo la phanga, atagwirana ndi chilombo, mphamvu zitamuthera. A Mbewe anati, "Ndikuponya moto."

Ndinatsegula buku. Limati wamatsenga akauponya, motowo umawotcha "onse amene akuwaona patsogolo pake".

"Ndiye kuti Tiyanjane apsera limodzi," ndinatero.

"Ayi a Mwale. Kuona n'kusankha. Ine ndikuyang'ana chilombo, osati msilikali wa mayiwa."

Kunena zoona, mawuwo akhoza kumveka choncho. Koma masabata atatu apitawo, mdani wa m'nthanomo ataponya moto womwewu, anali a Mbewe omwewa amene anamenya tebulo kuti "onse" ndi onse, motowo uwotche ndi asilikali a mdaniyo omwe. Ndinavomera, ndipo iwo anapambana.

Ndinawakumbutsa mwaulemu. Anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mukuti ndikubera, eti?"

Ine maganizo anali pa kalata yanga yopempha kukachita maphunziro oonjezera, imene inali pa desiki pawo kudikira kuti asaine. Ndiye ndinachita zimene amanthafe timachita. Ndinati, "Bwanji dayisi itiweruze?"

Mayi Chisale anaphimba dayisiyo ndi dzanja.

"Ayi. Tsiku lija tinati onse. Tiyanjane wapsa," anatero.

"Amayi, inetu ndikufuna kukupulumutsani," anatero a Mbewe.

"Lero muli kumbali yanga, abwana. Nanga tsiku limene lamuloli lidzakukomereni inu nokha, adzandipulumutse ndani?"

Onse anandiyang'ana. Ndinagamula kuti motowo wapha chilombo ndi Tiyanjane yemwe. Mayi Chisale anatseka kope lawo. A Mbewe anatenga chipewa, natuluka osatsanzika.

Sabata yonseyi ndakhala ndikuganiza. Wolemba buku lija sakanaona phanga lililonse limene osewera angalowe. Lamulo lililonse lili ndi mpata. Funso n'lakuti, mpatawo ukaoneka, amalowapo ndani?

Inu mukudziwa yankho. Ku komiti ya mjigo timati ofika mochedwa adikire. Akachedwa akazi a wapampando, mawu oti "kuchedwa" amasintha tanthauzo. Kusukulu timati mwana wopanda yunifolomu abwerere. Wa mlimi wosauka amabwereradi. Wa mkulu wa mpingo timati juzi yake ikufananako. Ngakhale akuluakulu a ndale, ndime ya malamulo imene ankaiwerenga mwanjira ina ali kotsutsa, amaiwerenga mwinanso akalowa m'boma.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo likakhala kuti ndi limene layatsa motowo?

Ndipo tisanamizane, olakwa si akuluakulu okha. Ife oweruza ang'onoang'ono ndife timatsegula chitseko. Dayisi ija sindinaitchule pofuna chilungamo. Ndinkafuna pobisala.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Mbewe. Kalata yanga sanaitchule, ndipo mpaka pano sinasainidwe. Mwina angotanganidwa, mwina ayi. Koma anandipatsa kope latsopano.

"Muzilemba umu chigamulo chilichonse," anatero osandiyang'ana. "Chikalembedwa chikhale chomwecho, kaya chapweteka ndani. Ndipo ngati mawu ali okayikitsa, muzitiuza tisanaponye dayisi, osati titaponya kale."

Pamenepo anandigwira. Ndikanawachenjeza moto usanachoke m'manja mwawo, bwenzi Tiyanjane ali moyo. Ndinapita kukapepesa kwa Mayi Chisale. Anangoti, "Ndayamba kale kujambula mng'ono wake. Koma ameneyu sadzaimanso kutsogolo kwa abwana."

Tinaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali.

Mayiwa analolera kutaya chimene anachikonda kuti lamulo lisapindidwe, ngakhale kupindako kukanawakomera. Pa masewera chabe. Nanga inu, kumpingo kwanu, kumudzi kwanu, kuntchito kwanu, lamulo litapindidwa kuti likukomereni, munayamba mwanenapo kuti ayi?