Ndinadikira Kuti Bokosi Lidzaze

Inu owerenga, ine ndinathamangitsa mwana wa malemu achimwene anga m'dziko lino. Sindinamumenye, sindinamulande kanthu. Ndinangochedwetsa chakudya padzuwa la ku Nchalo, kenako ndinanama, ndipo bodzalo likundidya mpaka lero. Ndalemba izi kuti wina amene wapatsidwa ntchito yonga yangayi asadzachite zopusa zimene ndinachita.

Achimwene anga a Zuze ankayendetsa thiraki kudoko la ku Beira. Kumeneko ndi kumene anapeza mkazi wa ku Indonesia, dzina lake Sari, amene ankaphikira anthu ogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Anabwera naye kuno, anabereka mwana mmodzi, Luwiza, ndipo mwanayo ali ndi zaka zinayi achimwene anamwalira pangozi ya pamsewu. Abale a mlamu Sari anawaitana kuti abwerere kwawo, koma iwo anakana. Anauza amayi athu, amene amakhala kwa Malemia ku Nsanje, kuti malinga ngati kalesitilanti kawo kakuwadyetsa, mwanayo adzakulira pafupi ndi agogo ake ndi manda a bambo ake. Amayi anapukuta misozi chifukwa cha mawu amenewo. Luwiza anatengera mpata wa mano wa a Zuze, ndipo akaseka, amayi ankati mwana wawo sanapite yense.

Kalesitilantiko kanali kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa ku Nchalo. Mlamu ankaphika zakwawo: mpunga wokazinga ndi dzira pamwamba, nyama yowotcha pa timitengo yothira msuzi wa nsinjiro, ndi nkhuku yophika mu mkaka wa kokonati, yomwe anthu ankanyambita nayo zala. Vuto linali la makasitomala. Anthu a pamsika ankati mpunga wokazinga si chakudya cha munthu wogwira khasu. Amene ankazikonda anali a m'maofesi a kuminda ya nzimbe, anamwino, ndi a mabungwe amene anabwera madzi atasefukira, ndipo onsewa sakanayenda padzuwa lija kudzafuna nkhomaliro.

Ine nthawi imeneyo ndinali pakhomo chabe. Ndinagwira ukondakitala wa minibasi zaka zisanu ndi zinayi pamsewu wa Bangula, mpaka galimotoyo inafa osadzukanso. Ndinatsala ndi zinthu ziwiri, foni ndi pakamwa. Ndinauza mlamu kuti ngati anthu sakubwera ku chakudya, chakudya chipite kwa anthu. Ndinatsegula tsamba pa intaneti, ndinajambula mbale iliyonse, ndinayambitsa gulu la pa foni loti munthu azilembamo oda yake n'kulipira pa foni pomwepo. Ndinapeza a Bitoni, bambo wa ana asanu wochokera ku Chiromo, amene anali ndi njinga yamoto, ndipo tinawamangirira bokosi lalikulu la pulasitiki kumbuyo. Ofesi yanga inali kagolosale ka malata tsidya lina la msewu, kumene ndinkasanjira maoda. Mkati mwa miyezi yochepa mlamu analemba ntchito mayi wina wowathandiza kusenda anyezi, ndipo Luwiza anayamba sukulu atavala nsapato zatsopano.

Mlamu anandipatsa lamulo limodzi lokha, m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chisena cha amuna awo. Anati, “Mlamu, chakudya cha kokonati sichidikira munthu. Ndikavundikira, chinyamuke.” Anandifotokozera kuti kwawonso kumatentha, ndipo mwana aliyense kumeneko amadziwa kuti mkaka wa kokonati ukakhalitsa pamalo otentha umasanduka poizoni. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati mayi ameneyu amadziwa mapoto, za pamsewu atisiyire eni ake.

Inu owerenga, amene munakwerapo minibasi mukundimva. Galimoto sinyamuka ndi munthu mmodzi. Zaka zonse zija ndinaphunzira kuti mpando wopanda munthu ndi tchimo, ndipo ndikaona a Bitoni akuliza njinga ndi timabokosi ta chakudya tiwiri m'bokosi lotha kunyamula makumi awiri, mtima unkandiwawa ngati andibera. Ndinayamba kusunga maoda kugolosale kuja mpaka achuluke. Mlamu ankandipatsa chakudya pakhomo la khitchini n'kubwerera kumapoto, akuganiza kuti chapita. Kasitomala akafunsa, ndinkalemba kuti chili m'njira, monga momwe ndinkauzira anthu pasiteji kuti wangotsala mmodzi tinyamuke, galimoto ili mbee. Mpunga ndi nyama yowotcha zinkandikhululukira. Palibe amene anadwala, ndipo ine ndinadziona wochenjera.

Tsiku lina mu Okutobala, mwezi umene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi, tinalandira oda yaikulu kuposa ina iliyonse. Aphunzitsi anali ndi msonkhano kwa Makhuwira, kutsidya kwa Shire, ndipo anafuna mpunga ndi nkhuku ya kokonati. Mlamu anayamba kuphika m'mamawa, ndipo pofika teni koloko anali atavundikira zonse. Anandiuza kawiri kuti ulendowo ndi wautali, a Bitoni anyamuke pomwepo.

Bokosi linali ndi malo a timabokosi tina tinayi kapena tisanu. Ndinadziwa kuti anamwino ena a ku Chikwawa amakonda kulemba maoda cha m'ma leveni, ndipo njira yake ndi yomweyo. Ndinauza a Bitoni kuti adikire pang'ono. Leveni inakwana, thwelofu inadutsa, malata akuthetheka pamwamba pa bokosi lija. Anamwino analemba mochedwa tsiku limenelo, ndipo chakudya chawo chinafunika kuphikidwa kaye. Nthawi yonseyi aphunzitsi ankafunsa, ine ndikuyankha kuti chili m'njira.

Tisanamange bokosi, a Bitoni anatsegula kabokosi kamodzi n'kununkhiza. Anandiyang'ana nati, “Mphwanga, ichi chayamba kusasa. Tiwauze alamu anu aphike china.” Ndinawayankha kuti iwo ntchito yawo ndi chiwongolero, mphuno aisiyire ophika. Ananyamuka itadutsa wani koloko, ndipo anakafika cha m'ma fili koloko.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi chotsatirachi. Mayi amene ankatsogolera msonkhanowo anandiimbira foni. Anati anthu ali ndi njala, koma msuziwo ukuwawasa, kodi ndi mmene umakhalira? Mulungu anandipatsa mpata umenewo kuti ndinene zoona. Ine ndinaseka, ndinawauza kuti chakudya cha ku Indonesia ndi mmene chimakomera, kuwawasako ndi zokometsera zakwawo, kungoti sanazolowere. Anandithokoza, ndipo anadya.

M'mawa mwake ambiri a iwo anali kuchipatala, akutsegula m'mimba ndi kusanza. Mphunzitsi wina wachikulire, wodwala kale shuga, anagonekedwa sabata yathunthu ndipo abale ake anali atayamba kuitanizana. Anachira, koma nkhani inali itapita kale. Gulu lomwe lija ndinaliyambitsa kuti litibweretsere makasitomala ndi lomwe linamwaza chithunzi cha mlamu m'mafoni a chigwa chonse. Ena analemba kuti mayi wachilendo akuphikira anthu zowola. Ena anawonjezera za njoka ndi agalu, zinthu zimene sizinalowepo m'khitchini muja.

A zaumoyo atabwera, anafunsa nthawi imene chakudyacho chinanyamuka. Mlamu anati teni koloko, n'kutembenukira kwa ine kuti ndivomereze. Ndinavomereza. Ndinaganiza kuti ndikanena zoona andimanga, pomwe iwo poti ndi mlendo komanso mayi wamasiye angowadzudzula basi. Anawatsekera lesitilanti kuti afufuze kaphikidwe kawo. Atawalola kutsegulanso patapita masabata angapo, panalibe munthu wolemba oda ngakhale mmodzi. Mlamu ankaphika mpunga pang'ono m'mawa, madzulo n'kugawira ana a oyandikana nawo, ndipo ena mwa makolo ankawaletsa anawo kulandira.

A Bitoni ndi amene analephera kupirira. Anapita kwa mlamu kukawauza zonse, n'kuwatchulira nthawi yeniyeni imene ine ndinawalola kunyamuka. Mlamu anandiitana. Ndinawapeza atakhala pampando m'khitchini mozizira, mapoto atawavundikira pansi. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoti, “Mlamu, ine ndinakupatsani chakudya chotentha. Masabata onsewa ndakhala ndikufunsa manja anga kuti analakwa pati, inu mukundiona.” Ndinagwada, ndinapepesa, ndinalonjeza kulemba zoona pagulu lija. Ndinalembadi, koma anthu anati ndikungoikira kumbuyo mlamu wanga. Madzi akatayika saoleka.

Mvula isanayambe mlamu anagulitsa mapoto, mbaula ndi mipando. Abale awo anawatumizira matikiti awiri a ndege. Mlamu anapita kwa Malemia kukatsanzika, anakasesa pamanda a achimwene, ndipo sanawauze amayi chimene ndinachita. Anangoti bizinesi yavuta. Amayi anamugwira Luwiza dzanja kuyambira pakhomo mpaka pamsewu, ndipo minibasi itafika anachita kuwamasula zala.

Papita zaka zitatu. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndakhala ndikupita kwa amayi ndi foni yomwe ija, kuti aone mdzukulu wawo pakanema. Chaka choyamba Luwiza ankawalonjera m'Chisena, n'kuwafunsa za mbuzi yake. Chaka chachiwiri ankayankha mawu amodziamodzi. Mwezi wathawu amayi anamufunsa m'Chisena kuti, “Muli tani, mama?” Mwanayo anamwetulira, mpata wa a Zuze uja ukuoneka, kenako anatembenukira kwa amayi ake kuti amumasulire. Amayi anandibwezera foni nati, “Zimitsa, mwananga. Mwanayu satimvanso.”

Tsiku lomwelo ndinawauza zoona zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, anadzuka, anakatenga lichero lawo n'kuyamba kupeta mapira. Mpaka lero sanaitchulepo nkhaniyo. Amandipatsa chakudya ndikapita, amandifunsa za ana anga, koma foni ija sakufunanso kuigwira.

Inu owerenga, makamaka inu amene mwayamba ntchito yotumiza chakudya kudzera pa foni, ndikupemphani. Wophika akakuuzani nthawi ya chakudya chake, mverani, ngakhale chikhale chachilendo kwa inu, chifukwa mwini mphika ndi amene amadziwa. Nzeru za ntchito yanu yakale musazitengere ku ntchito yatsopano musanafunse. Munthu wa m'minibasi ukamuchedwetsa amangotukwana n'kukafika, koma chakudya sichitero. Ndipo mukalakwa, nenani pomwepo, wina asanaike m'kamwa, wina asanasenze mlandu wanu. Ine ndinali ndi mipata itatu yonenera zoona, kwa a Bitoni, kwa mayi wa pafoni uja, ndi kwa a zaumoyo, ndipo yonse ndinaitaya.

Ndinabwerera ku ukondakitala, chifukwa palibe wa lesitilanti amene angandilembe kuno. Tsiku lililonse ndimaima pasiteji ya Nchalo n'kumakuwa kuti wangotsala mmodzi. Tsidya lina la msewu, kachipinda ka mlamu kaja tsopano amagulitsiramo makala. Amayi akalamba kwambiri, maso ayamba kuchita khungu, ndipo ndikudziwa kuti adzapita osamugwiranso dzanja mwana wa a Zuze, chifukwa cha malo a timabokosi tisanu amene ine sindinafune kuti apite opanda kanthu.