Mzere Umene Munandisiyira

Achimwene, dzulo mwana wanu Tadala ananditengera ku chionetsero cha zojambulajambula m'tauni. Wojambula wina anapachika pakhoma malata akale adzimbiri, lililonse lili ndi dzina la munthu, basi. Anthu ankajambulitsa zithunzi pamenepo akuseka. Ine ndinangokhala pansi. Ndinakumbuka kwathu ku Biwi m'zaka za m'ma 2000 zija, pamene maliro anali a tsiku ndi tsiku. Inu munkafuna kujambula nkhope za anthu, koma ntchito imene okhoma mabokosi ankakubweretserani inali yolemba zikwangwani zapamanda. Tsiku lina masana ndinakupezani pakhonde, mutawonda, mukutsokomola, mukulemba dzina lanu lomwe pa lata. Ndinakukalipirani kuti mukudziitanira tsoka. Munandiyankha kuti, "Chemwali, Biwi yense ndamulembera bwinobwino. Ndiye changa chokha alembe munthu wa dzanja lokhota?" Munalemba dzina ndi tsiku lobadwa, mzere wapansi n'kuusiya. Tsiku lomwalira ndinalemba ndine, ndi burashi yanu, mokhotakhota, mpaka penti inayenderera. Ndikapita kumanda ndimaona kukhota kwa mzere umenewo, ndipo mpaka lero ndimakukwiyirani pondisiyira ntchito yotere.

Maburashi anu ndinawabisa m'sutikesi zaka zonsezi, sindinkafuna kumvanso fungo la penti m'nyumba mwanga. Dzulo titabwerako ndinawatulutsa n'kumupatsa Tadala. Akuti ayamba ndi kujambula nkhope yanu. Koma sakuikumbuka, achimwene, munamusiya akukwawa. Nayonso ntchito imeneyi mwandisiyira ine, yomuuza mmene munkaonekera musanadwale.