Amalume Salima Thonje

Tsiku limene ndinkaphunzitsa mlamu wanga Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, kwathu ku Zemba, ndinatsala pang'ono kuponya laputopu kumunda. Tinali ndi mndandanda wa alimi, aliyense m'dikishonale yakeyake, kabokosi ka mu Python kosungamo dzina, mudzi ndi mbewu. Ndinamuuza alembe lamulo loti patsale olima thonje okha. Analemba bwinobwino, kompyuta inasefa, amalume ake olima chimanga osaonekanso.

"Alamu, chinthuchi chachotsa amalume!"

"Salima thonje. Ali bwinobwino m'mndandanda woyamba uja."

Sanamve. Anawonjezera pa lamulo lija kuti dzina la amalume lizidutsa basi. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa, iye akungoti munthu wamkulu sasefedwa ngati ufa. Mpaka lero m'pulogalamu ija amalume amalima thonje, mbewu imene iwo amaitukwana chaka chilichonse.