Galasi la Padenga la Galimoto ya Bambo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, fungo limene limayamba kundifikira ndi la girisi wosakanikirana ndi sopo wochapira, fungo limene linkakhalabe m'zikhatho zawo ngakhale atasamba n'kuvala jekete la kutchalitchi. Kunyumba kwathu ku Kawale iwo ndiwo ankayamba kudzuka, utsi wa mbaula za anansi usanayambe kukwera, ndipo ine ndili m'bulangeti ndinkawamva akukhosomola pakhonde, akukhwekhwereza bokosi lawo lachitsulo la masipanala, kenako akugogoda matayala a galimoto limodzilimodzi ndi nsonga ya nsapato. Anagwira ntchito ya udalaivala moyo wawo wonse, poyamba malole a fodya, pambuyo pake galimoto za mabwana. Aliyense wofika pakhomo pathu, ngakhale wodzagulitsa tomato, ankayenera kumva kuti pa zaka zonsezo iwo sanagundepo ngakhale nkhuku.

Chimene sankauza anthu n'chakuti maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Ndinkadziwa ndine ndekha, popeza ndine ndinkakhala pampando wakutsogolo akamayendetsa kagalimoto kakale ka bambo anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankanditchula kondakitala wawo. Tikamayandikira maloboti ankafunsa ngati akungocheza, "Thoko, akuti bwanji pamenepo?" Ine n'kuyankha kuti afiira. Pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera kunena ndisanafunsidwe: njinga kumanzere, agogo, mayi wosenza nkhuni kutsogoloko, dzenje. Kwa ine anali masewera okoma, ndipo ndinkanyada nawo zedi.

Bambo ankakayikira ndithu. Atagulitsa kagalimoto kaja n'kugula ina yakuda yochokera ku Japan, sipanathe masabata awiri akuntchito anawatumiza ku Karonga kwa mwezi wathunthu. Inali nyengo yokolola, ndipo chimanga chathu chinkadikira kumudzi ku Mitundu. Popereka makiyi, bambo sanabise mawu.

"Ababa, galimotoyi ndikukusiyirani chifukwa cha chimanga. Koma tsiku limene mudzakhudze kanthu, ngakhale mpanda, makiyi ndidzatenga, ndipo simudzayendetsanso. Tisadzakangane."

"Chiwongolero ndinakuphunzitsani kugwira ndine," agogo anayankha, "lero mukundiwerengera malamulo."

Galimoto yatsopanoyo inali ndi galasi padenga, lija anyamata amati sanirufu. Bambo sankalitsegula poopa kuti likayamba kuvuta lizidontha, choncho chotsekera chake chansalu cha mkati chinkakhala chotseka nthawi zonse, moti ukakhala pampando denga linkaoneka ngati denga lina lililonse. Kunja galasi linali lakuda, denga lakudanso. Ine ndinkalidziwa bwino, chifukwa bambo akalowa m'sitolo ndinkakankha chotsekeracho mobisa n'kumaonera mitambo.

Tinafika ku Mitundu galimoto itafiira ndi fumbi. Amuna a pamudzi anadzaza matumba kumbuyo ndi pampando wakumbuyo, awiri n'kutsala. Agogo, ataima chilili manja ali m'chiuno, analamula kuti ayale chiguduli padenga, aike matumbawo pamenepo, amange chingwe chodutsa m'mawindo monga ankachitira pa galimoto zonse zimene anayendetsapo. Ndinaona chigudulicho chikuyalidwa pa galasi penipeni. Ndinatsegula pakamwa. Koma abale, mwana wamkazi wa msinkhu wanga akanadzudzula bwanji agogo ake pamaso pa amuna a pamudzi, amene ankawamvera ngati kapitawo? Ndinadziuza kuti mwina akudziwa, mwina galasi la azungu ndi lolimba. Ndinatseka pakamwa panga n'kukwera.

Tisanafike pa tala panali dzenje lalikulu. Sindinalinene, chifukwa maso anga onse anali kudenga. Galimoto inagwera m'menemo n'kudumpha, ndipo pamwamba pathu panamveka phwaa, kenako kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Chotsekera chija chinatsika pakati. Ine n'kupusa kwanga ndinachigwira, chinasuntha, ndipo magalasi ang'onoang'ono anakhuthukira pamutu panga ngati matalala.

Agogo anaimitsa galimoto, ananditulutsa, n'kundikhazika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ankangofunsa kuti, "M'maso mwalowa? Thoko, m'maso mwalowa?" Ndinati ayi. Anayamba kundichotsa magalasi m'tsitsi, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti sakuwaona n'komwe. Ankawafufuza ndi nsonga za zala, kamodzikamodzi, mmene amayi amasankhira miyala mu mpunga. Pachipumi panga panali kabala kakang'ono. Magaziwo sanawaone, anangomva kunyowa, n'kubweretsa chala pafupi kwambiri ndi diso lawo. Ndinachita mantha ndi maso awowo kuposa ndi magalasi.

Matumba awiriwo tinawabweza kumudzi pa ngolo ya munthu wina wodutsa, ndipo tinafika ku Kawale pang'onopang'ono, pabowo titatseka ndi chiguduli. Amayi anandipesa tsitsi nditaweramira m'lichero mpaka magalasi anasiya kugwa. Kenako anatembenukira kwa apongozi awo mwaulemu koma mosapita m'mbali.

"Ine sindinama, ababa. Bambo a Thoko akandifunsa ndinena."

"Galasi likakhalapo sadzafunsa," agogo anatero.

Basi ine ndinamva kuti ntchito yathu ndi yobisa, ndipo ndinaikonda ntchitoyo ndi mtima wonse, chifukwa sindinkafuna kuti agogo alandidwe makiyi pa mlandu umene theka lake linali langa.

Kuyambira mawa lake, ndikaweruka kusukulu tinkanyamuka kukasaka galasi. Tinkayenda pansi, galimoto titaifundika lona kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinkaganiza kuti n'chifukwa choopa maso a anthu. Tinayambira ku Mchesi kwa bambo wina wodula magalasi a mawindo, m'kashedi kodzaza phokoso la macheka ndi fungo la utuchi wa akalipentala oyandikana naye. Agogo anamupatsa muyeso umene anatenga ndi chingwe. Bamboyo anapukusa mutu.

"Madala, lijatu si galasi la nyumba. Ndi lophika, silidulika, komanso ndi lokhota pang'ono. Langali ndikhoza kukudulirani, koma tsiku losweka silidzagwa timiyala ngati lija, lidzagwa mipeni."

Agogo anangoika dzanja pamutu panga, pamene panali kabala paja, n'kuthokoza, tinatuluka.

Masiku otsatira tinathera ku Biwi, m'magalaja ndi m'mipanda ya ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa, kumene nthaka ndi yakuda ndi oyilo ndipo munthu ukamalankhula umachita kukweza mawu chifukwa cha nyundo ndi makina owotcherera. Ena ankatiseka, ena ankati tingowotcherera chitsulo pabowopo nkhani ithe. Agogo ankakana. Ankati galimoto inabwera ndi galasi, ibwerere kwa mwini wake ndi galasi. Tsiku lachinayi tinafika kwa a Mwale, bambo wamfupi wovala ovolosi yong'ambika m'mawondo, amene anali ndi galimoto ya mtundu womwewo yophwanyika kutsogolo konse koma denga lili bwinobwino. Akumasula galasilo anafunsa mongocheza.

"Koma madala, galasi lonseli simunalione?"

"Kunali fumbi," ndinayankha ine msangamsanga, ndisanafunsidwe.

A Mwale anandiyang'ana, anayang'ana agogo m'maso nthawi yaitali ndithu. Pa nkhani ya malipiro agogo anawatengera pambali, ndipo ndinangomva a Mwale akudabwa kuti, "Bokosi lonse la masipanala? Nanga inu muzigwiritsa ntchito chiyani?" Agogo anati zimenezo n'zawo, iwo angodikira mpaka Loweruka madzulo.

Loweruka m'mawa tinavundukula lona. Ntchito yoyamba inali yanga: kuchotsa timagalasi totsalira m'njanji za m'mbali ndi mswachi wakale, ndi kutokosa ndi kawaya timabowo ta m'makona timene madzi a mvula amatulukira. Agogo ankandibweza kawirikawiri, chala chawo chikapeza kamodzi kamene maso anga anakaphonya. Kenako tinakweza galasi awiriwiri n'kulikhazika m'malo mwake. Linkagwidwa ndi timabawuti tating'ono m'mbali zonse ziwiri, ndipo luso lake linali loti likhale molingana ndendende ndi denga, lisakwere, lisatsike, kuti labala wa m'mphepete agwire bwino. Apa agogo anatsinzina. Ankayendetsa chala kuchoka pachitsulo kupita pagalasi, kumasula pang'ono, kukankha, kumanganso, kuyendetsanso chala, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Dzuwa linafika pamutu akadali pa ngodya yomaliza.

Atakhutira anandiuza kuti ndilowe mkati, nditseke zitseko, ndiyang'ane ngati padonthe. Iwo anakwera pampando wa m'khitchini ndi ndowa ya madzi n'kuyamba kuthira. Ndinagona chagada pampando ndikuyang'ana kumwamba. Madzi ankayenda pagalasi, ndipo kuseri kwake mtengo wa mapeyala, thambo ndi nkhope ya agogo zonse zinasungunuka n'kukhala mithunzi yopanda malire. Ndinadzifunsa ngati umu ndi mmene iwo ankaonera msewu masiku onse aja ine ndikusewera ukondakitala. Sipanadonthe ngakhale kadontho kamodzi, koma ndinatuluka m'galimotomo ndikulira.

"Padontha?" anafunsa.

"Ayi. Agogo, ine galasi lija ndinaliona ku Mitundu. Ndinkadziwa kuti lilipo. Ndinaopa kunena pa anthu."

Anatsika pampando paja mosamala, n'kukhala pansi pakhonde. Sanandikalipire. Anati, "Ulemu wako ndaumva, mwana wanga. Koma kondakitala woopa dalaivala amaphetsa anthu. Ukaona dzenje uzinena, kaya pali mafumu." Kenako anawonjezera kuti, "Komanso si ntchito ya mwana kuonera munthu wamkulu msewu. Pamenepo wolakwa ndine." Madzulo ake anapukuta masipanala onse limodzilimodzi, ndipo tinanyamula bokosi lija mpaka ku Biwi, iwo chogwirira china, ine china.

Bambo atabwera ku Karonga anazungulira galimoto yawo kawiri, akuyang'ana mabampala ndi zitseko, ndipo nkhope yawo inamasuka. Ananena moseka kuti madala akadali madala. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati tapulumuka. Amayi anali pakhomo la khitchini. Pamenepo agogo anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi, n'kuwapereka ndi manja awiri kwa mwana wawo yemwe.

"Bambo a Thoko, galasi la padengalo si limene munasiya. Lija ndinaswa ine, ndinaikapo matumba osaliona. Linagwera mwanayu pamutu. Galimoto yanu ndakubwezerani yathunthu, ndipo ine ndatsika pano."

Bambo anayang'ana denga, anayendetsapo dzanja, osapeza polumikizira. Anayang'ana makiyi m'dzanja lawo ngati akuwawotcha. Mawu amene anawaopseza nawo mwezi wathawo sanawatchulenso, anangoti, "Ababa," n'kukhala pansi pambali pawo. Ine ndinakwiya nawo agogo sabata yathunthu, chifukwa ndinkaona kuti tinavutika pachabe. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chifukwa chimene tinkayendera pansi popita ku Biwi. Mumtima mwawo, iwo anali atasiya kale kuyendetsa tili pansi pa mtengo wa mango paja. Chimene ankakana n'kulandidwa makiyi ngati mwana wolakwa, pa galimoto yobowoka denga.

Patapita nthawi anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo ankatha kuwerenganso Baibulo lawo la zilembo zazikulu, koma chiwongolero sanachigwirenso mpaka tsiku limene tinawaperekeza ku Mitundu komaliza. Nkhani ya nkhuku ija ankainenabe kwa alendo, koma ankaimaliza mwatsopano: "Nkhuku ayi. Galasi limodzi."

Lero ndili ndi galimoto yangayanga, ndipo ndisanaike katundu padenga lililonse ndimayamba ndagogodapo ndi chala, anthu n'kumandiseka. Chaka chatha ndinakwera ndi bambo anga, amene tsopano imvi zili mbuu ndipo matenda a shuga ayamba kuwalowa m'maso. Tikudutsa pa Biwi, iwo ali pachiwongolero, anaphonya wakabaza pang'onong'ono, ndipo sanadziwe n'komwe kuti panali munthu. Ndinakumbukira tsiku lija ku Mitundu. Titafika kunyumba panali alendo pakhonde, akuluakulu a kumpingo. Ndinawapempha bambo kuti tilowe kaye m'nyumba, ndinagwada monga mwana wawo, n'kuwauza zonse zimene ndinaona. Anatembenuzatembenuza makiyi m'dzanja. Kenako anandifunsa ngati m'tsitsi langa munatsala galasi tsiku lija. Ndinati ayi, agogo anachotsa onse. Anagwedeza mutu, n'kuika makiyiwo patebulo.