Anandisiyira Maso Okha

Mwamuna wanga atamwalira ndinakhala m'nyumba miyezi yonse ya eda, nthawi yolira mwamuna, monga chimanenera chipembedzo chathu. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kubungwe lina pa Mangochi, lomwe linkasonkhanitsa chiwerengero cha nsomba zofika pamadoko, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Monkey Bay. Alembi a pamadoko ankalemba pafoni kuti lero kwatuluka usipa wochuluka bwanji, utaka wochuluka bwanji, n'kutumiza. Zonse zinkagwera m'sisitimu imodzi momwe aliyense anali ndi malire ake. Mlembi ankangotumiza basi. Ine ndinkakonza zolakwika, n'kuvomereza kuti zipite kulikulu ku Lilongwe. Ndinalinso ndi mphamvu yolowetsa munthu m'sisitimumo kapena kumutsekera kunja.

Maliro atatha ndinaimba foni kulikulu, n'kupempha kuti mphamvu zomwezo apatsenso mnzanga wa muofesi kuti ntchito isaime. Bambo ameneyu anali bwenzi la malemu. Ankanditchula kuti alamu, ndipo anali mmodzi mwa onyamula jeneza, chithatha cha maliro.

Tsiku lobwerera kuntchito ndinatsegula kompyuta, n'kulemba pasiwedi yanga. Inandilola kulowa. Madoko onse ankaoneka, manambala ali m'mizere mwake. Koma batani lokonzera linali lotuwa, lovomerezera lotuwanso. Ndinadina, ndinadinanso, osatheka. Pansi pa dzina langa panalembedwa kuti ndine woonera chabe.

"Achimwene, chachitika n'chiyani apa?" ndinamufunsa mnzangayo.

Sanatembenuke n'komwe. "Ndi sisitimu, alamu. Munthu akakhalitsa osalowa imamutsitsa yokha."

"Sisitimu imeneyi ndinakuphunzitsani ndine. Imatsitsa munthu yokha kuyambira liti?"

"Mwangochoka kumene pachisoni. Pumulani kaye, mutu ukhazikike."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mabatani otuwawo. Mutu wanga unali bwinobwino. Amene anamwalira anali mwamuna wanga, osati nzeru zanga.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inasanduka yopemphetsa. Ndikaona kuti mlembi wa ku Nkopola walemba chambo pamalo pa kambuzi, ndinkadzuka pampando, kukaima pambali pa tebulo la mnzangayo, kudikira amalize kucheza pafoni, ndiye n'kumulozera. Nthawi zina ankakonza, nthawi zina ankati aona mawa. Ndinalemba dandaulo m'sisitimu momwemo, osadziwa kuti madandaulo a ofesi yathu tsopano ankayamba kufikira kwa iye. Mmawa wake anandiuza akumwetulira kuti pempho langa walilandira ndipo akuliganizira.

Tinasiya kupatsana moni. Kaofesi kathu kanali kachipinda kamodzi, matebulo awiri ndi fani yofooka. Iye akalozetsa faniyo kwake, ine ndinkaizimitsa pakhoma. Mpunga umene kale tinkadyera pamodzi masana, ndinayamba kukadyera panja pansi pa mtengo wa mango. Alembi a pamadoko anazindikira. Mmodzi, mayi wa ku Monkey Bay amene ndinamulowetsa ntchito ndine, anandiimbira kundifunsa chifukwa chimene ndikumunyalanyazira. Ndinachita manyazi kumuuza kuti zimene amatumiza ndimangoziyang'ana ngati katundu wa m'sitolo ya eni.

Kenako mnzangayo anaitanidwa ku maphunziro ku Lilongwe. Anapita osasiyira aliyense mphamvu. Inali nyengo imene usipa unatuluka kwambiri, ndipo zotumiza za alembi zinaunjikana popanda wovomereza. Ndinkafika mmawa, kutsegula kompyuta, kuonerera mulu ukukula, n'kuweruka. Pakati pa sabata mnzangayo anandiimbira. Mawu ake anali ofewa ngati a munthu wodzabwereka mchere.

"Alamu, abwana akufunsa kuno. Ndikutumizireni pasiwedi yanga, muvomereze zonsezo."

"Ndivomereze m'dzina la ndani?"

"Langa. Palibe amene adziwe."

"Ndiye ntchito ndigwire ine, sisitimu ilembe kuti mwagwira ndinu? Ayi. Pasiwedi yanu musunge. Ine munandisiyira maso okha, ndipo ndikuona ndithu."

Anaitumizabe pauthenga. Ndinaufufuta osauwerenga mpaka kumapeto.

Tsiku lotsatira anaimba ndi abwana a kulikulu, mayi wolankhula mwachangu, kufunsa chifukwa chimene Mangochi yakhalira chete. Ndinawauza kuti atsegule dzina langa aone okha. Ndinamva akudina. Kenako anafunsa kuti wandisintha ndani. Ndinati sisitimu imasunga dzina la aliyense wosintha chinthu, ayang'ane pomwepo.

Ndinkaganiza kuti amuchotsa ntchito, ndipo kunena zoona ndinkafuna zitatero. Sanamuchotse. Anatilanda tonse awiri mphamvu yolowetsa ndi kutsekera anthu, n'kuisiya kulikulu. Madoko anatigawira pakati: ine a kumpoto, iye a kufupi ndi tauni. Zake sindinkaziona, zanga sankaziona. Abwanawo anati potero pakhala mtendere. Ine ndinaona kuti andilanga limodzi ndi wakuba.

Mnzangayo atabwerako sanapepese. Anangokoka tebulo lake kulilozetsa kukhoma, ndipo mawu akuti alamu anathera pomwepo. Tinakhala chomwecho, misana yoyang'anana, mpaka ntchito ya bungwelo inatha pa Mangochi.

Achemwali anga amati ndizikhululuka, poti munthu amalakwa. Mwina n'zoona. Koma kulakwa kwake sikunali kopunthwa. Anatsegula dzina langa, anasankha, n'kudina, ine ndili m'nyumba kulira mnzake. Pano ali ndi shopu ya mafoni pafupi ndi depoti ya maminibasi. Foni yanga ikavuta ndimakwera njinga ya kabaza kupita kwa wina wa kutsidya kwa mlatho.