Mlombwa wa m'bala ya a Tedi

Fungo la utuchi losakanikirana ndi la mowa wogonera limandibwezera ku Pretoria, pa tchuthi cha nyengo yozizira, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Laudium, choncho ine ndinkapita ndi abambo, omwe anali kalipentala, ku bala yakale pafupi ndi Marabastad. Tinkafika m'mawa asanatsegule, zala zitauma ndi chisanu.

Mwini wake anali a Tedi, mzungu wokalamba wa ku Mangalande. Bala ija inamangidwa ndi bambo awo motengera ya kwawo, yomwe inali m'mbali mwa ngalande yokumba anthu, momwe mahatchi ankakoka mabwato a malasha. Khomo lake linali lalifupi moti abambo ankawerama polowa. Kudenga kunkadutsa mitanda yakuda, mawindo anali a timagalasi ting'onoting'ono, ndipo pakhoma panapachikidwa zingwe zokokera mabwato ndi ndowa zojambulidwa maluwa ofiira. Ine ndinkaotha moto pakona ya njerwa, ndikudya magwinya, mandasi a kumeneko, amene a Tedi ankandigulira.

Koma mwana wawo ankafuna kugumula zamatabwa zonse n'kuika matailosi, ati chiswe chinali chitamaliza. A Tedi anamupempha masabata awiri okha kuti abambo ayese kupulumutsa kauntala, yomwe ankainyadira kuti inabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera kwawo.

Abambo anayamba kupala utoto wakuda umene unakuta thabwalo. Tsiku lachitatu panaoneka mtengo wofiirira, wa mizere yowala ngati uchi. Anatola utuchi, kununkhiza, n'kuseka mpaka kukhala pansi.

"Eish, bwana, thabwa ili silinakwerepo sitima," anatero. "Uwu ndi mlombwa, ngati wa kwathu ku Machinga. Chiswe chimangoulambalala."

Ine ndinati basi atithamangitsa. A Tedi anafiira nkhope, anasisita thabwalo kanthawi, kenako nawonso anaphulika kuseka.

"Ndiye kuti malemu bambo anandipusitsa moyo wanga wonse!"

Mwana wawo atabwera anagogoda paliponse ndi nyundo, napeza nsanamira imodzi yokha yofumbwa. Abambo anaisintha, ndipo nkhani ya matailosi inathera pomwepo. Masiku otsalawo, nthawi ya tiyi ikakwana, akuluakulu awiriwo ankatsamira kauntala yopakidwa mafuta. A Tedi ankasimba za nkhungu ya pa ngalande imene anaisiya ali kamwana, abambo za mapiri a Chikala. Nthawi zambiri ankayankhula onse pamodzi, tiyi mpaka kuzizira.

Ine ndinkayenda monyada, poganiza kuti abambo agonjetsa mzungu pa mkangano wa mitengo, ndipo ndinauza kalasi yonse sukulu itatsegulidwa. Lero, nditakhala ku Joni zaka zochuluka kuposa zimene abambo anakhala, ndimaona kuti panalibe wopambana. Anali anthu awiri osowa kwawo, ndipo aliyense anapeza womumvetsera.